Chammwamba cha kwa Manase

Mwera unkaomba kuyambira m'mawa, fumbi lili koboo, pamene galimoto ya anthu a kuyunivesite inadutsa pakhomo panga osaima. Inakaima kwa Manase, mnansi wanga.

Ndinasiya khasu n'kuilondola. Chaka chapitacho anthu omwewa anathyola masamba a chammwamba m'makomo angapo kuno ku Vinthukutu, kuti akayese madzi ake pa makoswe odwala shuga. Anathyolanso pa mtengo wanga, umene anadzala mkazi wanga Tusekile shuga asanamutenge.

Ndinapeza Manase atavala jekete, kutentha konseko.

"Monire, adada Chakufwa," anatero Sumaya, mtsikana wotsogolera gululo. Chitumbuka chake chinkathera pomwepo. "Makoswe amene anamwa za mtengo uwu, shuga wawo watsikako. Ndi makoswe chabe, wina asasiye mankhwala akuchipatala. Koma tikufuna masamba ena."

"Nanga za mtengo wanga?"

"Amene anamwa zimenezo sanasinthe kwenikweni. Kaya ndi dothi, kaya ndi madzi, sitinadziwe."

Manase anaseka mpaka kutsokomola. "Nkhope isagwe, dada. Ulemu ukubwera kwanu komweko. Mtengo uwu anandidzalira ndi malemu."

"Tusekile?"

"Enya! Si tinkakwera basi limodzi kukayezetsa shuga? Tsiku lina anangofika ndi nthambi, akuti, 'A Manase, ndi ulesi wanuwo mufa msanga.' Taonani, ndikadalipo!"

Maso anga anali patsinde. Panali mtsuko wokwiriridwa mpaka m'khosi, wodzaza madzi. Tusekile ndiye ankathirira motero: mtsuko wong'aluka pansi, madzi azidontha pang'onopang'ono mpaka kumizu chilimwe chonse. Ndinauzindikira ndi mizere itatu ya pakamwa pake. Anauumba ndi mayi anga, mphatso ya ukwati wathu. Tusekile anandiuza kuti unasweka ndipo anautaya kudzala.

Mtengo wa kwathu ankauthirira madzi otsukira mbale.

"Adada, muli bwino?" anafunsa Sumaya.

"Ndili bwino."

Ndinabwerera kunyumba. Ndinakwera mumtengo wanga, ine nkhalamba, n'kupulula masamba nthambi ndi nthambi mpaka unatsala mbulanda. Thumba la feteleza linadzaza. Kenaka ndinakaima nalo pakati pa msewu wopita ku Mlare.

Galimoto inaima. Sumaya anasuzumira pawindo.

"Yesaninso," ndinatero.

"Adada, tinayesa bwinobwino. Komanso makoswe athuwa ndi owerengeka, sitingangoyamba..."

"Makoswe ndili nawo m'nkhokwe."

Dalaivala anaphulika kuseka. Sumaya sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatsika, natsegula kumbuyo.

"Sindikulonjeza kanthu," anatero.

Ndinaponya thumba langa pamwamba pa matumba a Manase. Galimoto itazimiririka m'fumbi, ndinakatenga khasu ndi kupita kwa Manase kukafukula mtsuko wa mayi anga.