Nyali ya Alamu a Douglas

Achemwali anga a Dinah sanalawenso tulo chiwatengereni mphepo ya mwera amuna awo panyanja. Alamu a Douglas anali a siginala, aja amakhala okha m'bwato ndi nyali kuitana usipa. Bwato linapezeka ku Mbungo, nyali imodzi ili momwemo, koma mwini wake mpaka lero. Tinalira maliro opanda mtembo, ndipo ndikuuzeni, amenewo sakutha.

Ndine ndinawakokera kuchipatala ku Chipyela. Adokotala anawapatsa timapiritsi toyera ta tulo, kamodzi pogona. Anagonadi, ine n'kumadzitama.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza pakhonde pawo ku Khuyu akumwetulira ngati mkwatibwi.

"Keziah, tabwera uikhudze nyaliyi."

Inali nyali ija ya m'bwato la alamu, yofunda, galasi lopukuta bwino. Mchenga wonyowa unali mbwee, kuchokera pakhomo mpaka pamphasa.

"Amabwera," ananong'ona. "Ndikangogona, amabwera."

Ine ndine wa bungwe la amayi kutchalitchi, za mizimu sindizifuna n'komwe, koma nyali ija ndinaigwira ndi dzanja langali.

Chinanditsegula maso ndi chitenje chawo pachingwe, chonyowa mpaka m'mawondo. Ndinalondola mapazi pamchenga anthu asanawapondeponde. Opita kumadzi ndi obwerako onse anali a munthu mmodzi, phazi laling'ono lachala chokhota. Phazilo ndikulidziwa kuyambira tili ana. Ndinadzinamiza kuti mwina analawira kukatunga madzi, mpaka tsiku limene chitenje chinanyowa kufika m'chiuno.

Nditakawafotokozera, adokotala sanadabwe. Akuti mankhwalawo anthu ena amawayendetsa ali m'tulo, kutsegula zitseko, kuyatsa moto, kukacha osakumbuka kanthu. Ndinapsa mtima. Bwanji osanena poyamba, munthu wake wokhala pafupi ndi madzi chonchi? Iwo anangoti ndikabweze otsalawo.

Achemwali anandimvetsera botolo la mapiritsi ali nalo m'manja, atalifumbata zolimba.

"Ndiye ukuti ndimayatsa ndekha?"

"Nokha, achemwali. Ndipo mukulowa nayo m'nyanja. Mawa madzi afika m'khosi."

"Nanga akakhala kuti akundiitana?"

Botolo ndinachita kuwalanda, kufumbatula chala chimodzichimodzi, tonse awiri tikulira.

Tsopano ndimagona kwawo, mphasa yanga nditaipingasa pakhomo. Tulo tawo tinathawanso. Ali moyo, amapita kumunda wa chinangwa, amadya pang'ono, koma kumwetulira kuja kunapita ndi botolo. Nyali ili pakona, yachita fumbi.

Sindinama, m'mawa uliwonse ndimaikhudza mobisa, mtima uli m'mwamba. Dzulo anandipezerera dzanja lili pagalasi. Anaima pakhomo n'kundiyang'ana.

"Yazizira, eti?" anatero modekha. "Nyanja inandilanda kamodzi, Keziah. Iwe wandilanda kachiwiri."