Galu wa a Januario

A Januario ankafuna galu wolusa woti azilondera fodya m'chigafa. Atamupeza, anamumangirira masabata atatu, n'kumamuthirira tsabola m'chakudya. Mkazi wawo Anastazia anangowasiya, poti ana asanu anali atamutopetsa kale.

Tsiku lomumasula, galuyo sanadikire wakuba. Anayambira pa katumba wa mbuye wake.

Anastazia anatsuka balalo ndi sopo, bambo akubuula.

"Tiyeni kuchipatala ku Namitete, akakubayeni ya chiwewe."

"Jakisoni ayi, make Zione. Tingowotcha ubweya wake, tipake pabalapa."

"Chabwino, nali lumo. Kamumeteni nokha, ine ndikuchapa."

A Januario anasuzumira panja. Galu anawaonetsa mano onse.

"Kodi njinga ija ili ndi mpweya?" anafunsa motsitsa mawu.