Mluzu wa M'chimbale Chomaliza

"Tabwezani pomwepo," anatero Chisamba. "Ndimve bwinobwino."

Wojambula nyimbo anadina batani. Mawu a malemu bambo ake anatulukanso m'masipika, osasa ngati kale, anthu akukuwa kumbuyo kwawo: "Nyimbo iyi ndi ya mwana wanga, uyu mukumuona apayu. Mzime wanga, mtima wanga!"

Panali patapita masiku asanu ndi anayi chiikire maliro. Mkuluyo anagwedeza maholo ndi gitala yake zaka makumi anayi, ndipo shoo yake yomaliza inajambulidwa yonse kuti ikhale chimbale. Koma anasiya atalemba kuti chimbalecho chisatuluke mwana wake woyamba asanasayine. N'chifukwa chake Chisamba, namwino amene sanapondeko ku shoo ya bambo ake ngakhale imodzi, anali atakhala mu situdiyo masana amenewo, chikwama pamiyendo, nkhope ili ndwii.

"Chotsani zimenezo."

Mzime, mng'ono wake wa mayi wina, amene ankayimba kumbuyo kwa bambo awo pasiteji, anavula magalasi akuda. "Achemwali, achotse chiyani?"

"Za mtima wanga, mtima wangazo. Anthu adzagula nyimbo, osati zachibwana."

"Ndi mawu a adadi amenewo!"

"Adadi ako. Ine anga ndinkawamvera pa wailesi."

Tisanamizane, inali nsanje. Nsanje yeniyeni, yotentha pachifuwa ngati chilungulira. Miyezi itatu yomaliza ndi Chisamba amene ankawatembenuza pabedi bambowo, kuwasambitsa, kuwanyengerera kuti amwe mankhwala. Koma akangotsegula maso funso linali lomwelo: "Mzime wabwera?" Ndipo Mzime akabwera, wonunkhira, zikhadabo zopenta, ankangokhala m'mphepete mwa bedi n'kuyimba pang'ono, mkulu uja n'kumwetulira ngati wachira. Wochapa zofunda sankayimbiridwa nyimbo. Lero akufuna dziko lonse lizimva zimenezo m'galimoto, m'mabala, m'maukwati, mpaka kalekale? Ayi ndithu.

"Mukapanda kuchotsa, sindisayina."

Wojambula uja anakanda m'mutu. Anayang'ana pakona pamene panakhala a Ng'oma, nkhalamba imene inawombera malemuwo ng'oma kuyambira ali anyamata, koma a Ng'oma anali kalikiliki kuyang'ana nsapato zawo.

"Mayi, zimenezo tibwererako," anatero wojambulayo. "Tiyambe ndi zosavuta. Pali kaphokoso kena koyambirira kwa nyimbo iliyonse. M'zimbale zakale tinkakadula nthawi zonse. Muno kalimo kakhumi ndi kanayi. Mungovomereza, ndikadule."

Anadina batani. Anthu anamveka akuwomba m'manja, kenako bata. Ndiyeno mluzu: mawu awiri okwera, limodzi lotsika. Kenako chete, chete wautali ndithu, ng'oma n'kulowa.

Chikwama cha Chisamba chinagwa pansi.

Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene ukwati wa makolo ake unatha. Mayi ake analumbira kuti woyimba ameneyo sadzalowanso pageti, ndipo sanalowedi. Koma Loweruka lililonse masana ankaima kuseri kwa mpanda n'kuyimba mluzu womwewo. Chisamba ankathamangira kubafa, kukwera pachidebe chovundikira, n'kuyankha pakawindo ndi mluzu wake wa mawu awiri. Basi, zinkathera pomwepo. Bamboyo akamva, ankapita. Zinayenda choncho mpaka chaka chimene anamva kuti kwa mkazi watsopano kwabadwa mwana. Loweruka limenelo mluzu unalira, iye anakhala pachidebe n'kudziluma milomo. Unalira Loweruka lina, ndi linanso. Sanayankhenso.

"A Ng'oma," anatero Chisamba, "zimenezi anayamba liti?"

Nkhalamba ija inaseka pang'ono. "Ha, kalekale, mwana wanga. Mzimeyu ali khanda. Anzathu onse poyamba nyimbo amawerenga wani, thu, fili, folo. Ife ayi. Mkuluyo amayimba mluzu, ndiye tonse tidikire. Ndikalowa msanga, amanditembenukira ndi diso loti ungathawe pasiteji. Ndinawafunsapo, 'Akulu, kodi timadikira ndani?' Anangoti, 'Iwe dikira basi.' Zaka makumi atatu ndakhala ndikudikira, ndodo m'mwamba ngati chitsiru."

"Amadikira ine," anatero Chisamba. Anafotokoza za mpanda ndi chidebe chija, mwachidule, osayang'ana munthu.

Amene anayamba kuyankhula anali Mzime, ndipo mawu ake anali atauma.

"Ine sanandiphunzitsepo mluzu umenewo."

"Iwe unali nawo m'nyumba. Ukanawayitaniranji?"

"Zaka khumi ndakhala ndikuima kumbuyo kwawo. Ndinkaganiza kuti akupuma kaye, kuti mapapo akalamba." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, utoto wa m'zikope n'kupakika patsaya. "Ine ananditchula kamodzi, achemwali. Kamodzi kokhako, chifukwa ndinawadandaulira m'galimoto tikupita kuti sanandiyamikirepo pagulu. Inu amakuyitanani nyimbo iliyonse, shoo iliyonse, inu kulibeko n'komwe!" Anatembenukira kwa wojambula uja. "Ndiye muudule. Mwanena nokha kuti ndi phokoso."

Wojambulayo anachotsa manja pamabatani n'kuwapinda. Pa ntchito yake anaonapo oyimba akumenyanirana maikolofoni, koma izi zinamukulira.

Chisamba anamuyang'ana mng'ono wake. Aka kanali koyamba kumuona wopanda magalasi: mphuno ya bambo awo, ndi mlomo wam'munsi wotuluka womwe iyenso amauona pagalasi akakwiya. Mumtima mwake munali kukoma, sangakane, kukoma koipa kwa munthu amene wapambana. Koma kunali kosakhalitsa. Amene akanamuuza kuti wapambanayo anali kumanda.

"Bweretsani pepalalo," anatero. "Musadule kalikonse. Mtima wakewo usiyeni, mluzunso muusiye."

Anasayina. Cholembera chinaboola pepala pang'ono.

"Tsopano bwezani nyimbo yoyamba ija."

Manja anawombanso m'masipika, bata linabwera, mluzu unalira: awiri okwera, limodzi lotsika. A Ng'oma, mosadziwa, anakweza manja opanda ndodo. Chisamba anasongola milomo, koma panangotuluka mpweya. Ananyambita milomo n'kuyesanso, ndipo mawu awiri aja anatuluka, ofooka, okhota pang'ono.

Mpata umene bambo ake ankasiya unakwanira ndendende. Ng'oma zinalowa.