Mpunga wa Mzime

"Shuga ayi, tiyi ayi, zokazinga ayi," anatero Mzime, akutsitsa mabotolo pashelefu n'kumawalonga m'katoni. "Masiku asanu ndi awiri okha, achemwali. Thupi la bambo lipumeko."

Mkulu wakeyo anangoima pakhomo la khitchini, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Ntchito yake inali yautelala, koma m'nyumbamo ankatchedwa Nesi. Dzinalo anam'patsa ndi bambo awo monyogodola, chifukwa chidwalireni sitiroko zaka zitatu zapitazo, iye ndi amene ankawawerengera mapiritsi, kuwachapira ndi kuwamana mchere. Mzime, mng'ono wake, ankagwira ntchito kutali. Ankabwera kamodzi pachaka, ndipo sankalephera kubwera ndi nzeru yatsopano m'chikwama.

Ya chaka chino inali papepala: njira ya ku India yotchedwa Ayuveda, yotsuka m'thupi pang'onopang'ono ndi chakudya. M'mawa madzi ofunda a jinja. Masana ndi madzulo mpunga wophika pamodzi ndi mphodza mpaka kufeweratu, wothira kaufa kachikasu ka tameriki. Pakudya munthu akhale pansi, wailesi izime, mtima ukhale m'malo.

Nesi anayamba wafunsa adokotala, ndipo anati palibe vuto bola mapiritsi asadumphe. Komabe iye anapukusa mutu.

"Sadya zimenezi. Zaka zitatu ndikuwaphikira zopanda mchere, mbale imabwerako theka."

"Zimatengera kaperekedwe, achemwali," anayankha Mzime akumwetulira.

Tsiku loyamba Mzime sanaviike mphodza, ndiye zinatuluka zolimba ngati timiyala. Mpunga nawo unapserera iye ali pafoni. Nesi anakwecha poto, nayambiranso, naphika bwinobwino monga pepala linanenera. Mzime anapakula, nayala kansalu pathireyi, nalowa nazo kuchipinda kwa bambo. Posakhalitsa kunamveka kuseka, kuseka kumene Nesi anali atakuiwala. Mbale inabwerako yoyera ngati yotsuka.

"A Nesi, tabwerani mudzaphunzire," bambo anaitana. "Mwana uyu ali ndi dzanja. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa."

Nesi anayang'ana mng'ono wake. Mzime anayang'ana zikhadabo zake, osawongola nkhani.

Zinayenda choncho masiku atatu. Nesi ankalawirira kuviika mphodza ndi kusinja jinja, zosoka za anthu zikudikira pakhonde. Mzime ankanyamula thireyi. Bambo anati m'mimba mwapepuka, tulo tikubwera, ngakhale mwendo wakufawo akuumvako. Aliyense wodzawazonda ankauzidwa za mwana wanzeru amene wabwera ndi mankhwala a m'mbale. Nesi zinkamuwawa, ndipo ankachita manyazi kuti zikumuwawa, mayi wamkulu kuchitira nsanje mpunga. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuti tsiku limodzi bambo amalize chakudya akudziwa kuti chachokera m'manja mwake.

M'mawa wa tsiku lachinayi kuntchito kwa Mzime anaimba kuti akufunika. Analongedza msangamsanga, namata pepala lija pachitseko cha furiji.

"Mungotsatira mmene alemberamu, si zovuta," anatero akutsanzika.

"Zikomo aphunzitsi," anatero Nesi. "Mlendo ndi mame. Yendani bwino."

Masana anaphika monga mwa masiku onse, poto yemweyo, muyezo womwewo. Anaika mbale patebulo la bambo, nayamba kupinda zovala zimene zinali pabedi. Bambo anadya masipuni awiri n'kukankha mbaleyo.

"Sizikukoma ngati za mng'ono wako."

Nesi anasiya kupinda. Mawu amene anawameza masiku atatu anatuluka okha.

"Ankaphika ndine, bambo. Kuyambira tsiku loyamba. Iye anapsereza poto."

"Ndikudziwa," anatero bambo mosatekeseka. "Sitiroko inandipha mwendo, osati mphuno. Fungo la poto ndinalimva."

"Ndiye bwanji mumanditsitsa pamaso pa anthu?"

"Iye amakhala pansi. Amadya nane, amandifunsa zakale. Iwe umandiponyera chakudya ngati ukudyetsa nkhuku, maso ali pawotchi. Pepala lakolo silikunena za kukhala pansi?"

"Kuti iye akhale pansi, panali wina woimirira kukhitchini."

Bambo anangoyang'ana pawindo. Nesi anatuluka. Kukhitchini anaima nthawi ndithu, atagwira chikho cha madzi chimene sanamwe. Mawuwo anali olasa, koma bodza munalibe. Sankakumbukira tsiku lomaliza limene anadya pamodzi ndi bambo ake.

Anapakula mbale yake, nabwerera. Anazimitsa wailesi, navula tepi m'khosi, nakokera mpando pafupi ndi tebulo. Bambo anamuyang'ana cham'mbali, nakokanso mbale yawo. Anayamba kudya onse. Nesi anasakasaka chonena, koma zonse zobwera m'mutu zinali za mapiritsi ndi tsiku la kuchipatala. Potsiriza anafunsa za nyumba imene ankakhala iye ali wamng'ono, ngati mtengo wa pabwalo uja unali wa malalanje kapena mandimu.

"Mandimu," anatero bambo. Anatapanso sipuni ina, ndipo Nesi anamva mtima wake ukuyamba kumasuka. Kenaka bambo anaika sipuni pansi.

"Kodi mwana uja wafika? Tamuimbira, mwina sanadye n'komwe m'njiramu."

Nesi anaimba, nawapatsa foni. Nkhope ya bambo inawala nthawi yomweyo. Anapanikiza foniyo ndi phewa, dzanja lamoyo likutapa chakudya mofulumira.

"Ndikudya, mwanangu, ndikudya," anatero mokondwa. "Mpunga wako uja. Ndatsala pang'ono kumaliza."

Nesi anadikira kuti mwina atchulapo dzina lake, ngakhale lonyogodola lija. Nkhani inapita ku basi, ku mvula, ku abwana a kuntchito. Ananyamula mbale yake mwakachetechete, nakamalizira kukhitchini choimirira.

Masiku atatu otsalawo anaphika mokhulupirika, osaphonya jinja kapena tameriki, ndipo pa nthawi yake ankatula mbale patebulo. Koma mpando uja anaubwezera pakona, ndipo sanaukokenso.