Khomo la Nyumba Yatsopano ya a Lameki

Nyumba yathu ya ku Mufakose, kuno kudziko la Ashona, inali ya zipinda zinayi, koma munagonamo anthu oti angadzaze tchalitchi. Aliyense wotsika basi ku Mbare kuchokera ku Dedza ankauzidwa kuti afunse kwa a Lameki, bambo anga, amene ankagwira ntchito ku fakitale ku Msasa. Ife ana tinkagona pansi pa tebulo, miyendo ili kukhitchini. Ndimaisowa nyumba imene ija, ngakhale kuti nthawi imeneyo ndinkaitukwana tsiku lililonse.

Bambo ankaiwonjezera mmene akuonera okha. Chaka china anamanga chipinda cha loja, munthu wa lendi, kutsogolo, khoma lake likuyang'anizana ndi khomo lathu, moti polowa umachita kupendekeka ngati nkhanu. Tinkaseka nazo mpaka pamene amayi anamwalira. Bokosi linakana kukhota pakhoma paja. Adzukulu anayesa uku ndi uku, ena nkunena zolipendeketsa, koma bambo anakana. Amayi anagona panja m'tenti, amayi a Mvano akuwaimbira pomwepo. Kwathu munthu amayenera kugona m'nyumba mwake asanapite kumanda, ndipo bambo sanadzikhululukire. Mawa lake la maliro anagwetsa chipinda chija ndi manja awo.

Mwana wanga Denzel panthawiyo anali woyamwa. Lero ndi wojambula mapulani a nyumba, ndipo Chichewa amachimva koma amayankha m'Chishona. Ndiye anatijambulira nyumba yosanja yoti ikwane pa sitandi, malo athu opanikizika aja: mawindo aatali oti kuwala kuzilowa chodumpha mpanda wa aneba, thanki ya madzi padenga, galaja, ngakhale galimoto tilibe. Kuti galaja ikwane, khomo lakutsogolo linatsegukira m'kanjira kopapatiza kokhota kasanafike pabalaza.

Bambo anavomera zonse. Za kugwetsa nyumba anangogwedeza mutu, za kudula mtengo wa mapeyala anati nawonso wakalamba. Koma chala chawo chinaima pa kanjira kaja. Anati nkochepa. Denzel anawafotokozera mwaulemu kuti masofa a masiku ano amabwera zidutswazidutswa, firiji nayo imalowa choimirira. Bambo anati amva, nkukakhala panja.

Ine ndinadziwa chimene chinkawavuta. Koma ndani angatchule bokosi la munthu amene akumwa naye tiyi? Ndinangouza mwanayo kuti akulitse pang'ono, iye nkuwonjezera kadzanja kamodzi, akunyadira kuti wawamvera agogo ake.

Nyumba itagwetsedwa, amisiri anabwera kudzakhoma zikhomo ndi kumanga zingwe mmene makoma adzadutse. Misozi inanditsika poona kuti malo onse amene tinakuliramo anali ochepa chonchi. Bambo anafika atavala jekete la kutchalitchi. Anayenda m'zingwemo, kenaka anakakoka chitseko chakale pamulu wa zogumula, nkuchigoneka kumsewu. Anaitana amisiri ndi a Antonio, aneba athu a ku Tete amene anakalamba nawo limodzi. Ndiye anavula chipewa, nkugona chagada pachitsekopo, manja pachifuwa.

"Sekuru, hazviite izvi," anatero Denzel m'Chishona, kuwauza agogo ake kuti zimenezi sizichitika, akuyang'ana anthu amene anayamba kusuzumira pamipanda.

"Nyamulani. Atatu uku, atatu uko. Mundilowetse m'nyumba mwanga, koma osakhudza chingwe."

Amisiri anayamba ndi kuseka. A Antonio sanaseke, chifukwa pa maliro a amayi anali m'gulu la onyamula. Anagwira kumutu, enawo nkutsatira, Denzel akumugwiritsa kumiyendo. Pakhomo analowa mothinana. Pofika pokhota paja chitseko chinakankha chingwe, mmisiri wina nkupezeka waima m'galaja, wina m'bafa. Anabwerera m'mbuyo, nayesanso, koma chinakana.

Palibe anamufotokozera Denzel. Anayang'ana a Antonio, nkuyang'ana ine, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Anapempha kuti ndimugwirire mbali yake. Anakazula zikhomo za galaja chimodzichimodzi, nkukoka chingwe mpaka khomo linaloza pabalaza mosakhota, lotakasuka moti anthu nkudutsa ndi katundu wawo pakati.

Tinawanyamulanso kuchokera kumsewu. Bambo anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zimenezo zinandiwawa. Tinalowa bwinobwino, nkuwatsitsa pafumbi pakati pa zingwe, pamene padzakhale pabalaza.

Denzel anagwada nkuwafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka ngati tsopano zili bwino. Bambo sanatsegule maso.

"Zili bwino, mdzukulu wanga. Ndisiyeni kaye pang'ono. Ndikuwagonera agogo ako aakazi."