Zilembo za Kumbuyo kwa Galimoto

Ntchito yanga ndi yomata zinthu pa galimoto: zotchingira mvula pa mawindo, timizere tonyezimira ta m'mbali, tigalasi, zilembo. Sindibowola chitsulo ine. Ndimamata ndi tepi ija yogwira mbali zonse ziwiri, ndipo amene amainyoza sanayesepo kuimatula. Ukapukuta bwino ndi spiriti n'kukanikiza pamalo pali pofunda, basi, chagwira chagwira.

N'chifukwa chake mtima unandiwawa tsiku limene alamu anga anaimika galimoto yawo yofiira pakhomo pa shedi n'kundiuza kuti ndichotse zilembo za kumbuyo. Zilembozo ndinamata ndine, sabata imene mlongo wanga anatuluka m'chipatala ndi makanda awiri m'manja: MAYI A MAPASA. Iye ankaseka, ankati tamulengeza ngati sitolo. Mlongo wangayo anamwalira mapasawo asanayambe sukulu, ndipo tsopano alamuwo anali atakwatira mkazi wina, mphunzitsi, amene ine ndinkangomupatsa moni wapatali.

Ndinawafunsa ngati mayi watsopanoyo ndi amene walamula. Anati ayi, palibe walamula, kungoti si bwino munthu azikwera galimoto yolembedwa za mnzake. Ankalankhula akuyang'ana matayala. Ndinafuna kuwauza kuti afufutenso nkhope za anawo, poti nazonso ndi za mnzakeyo, koma ndinameza mawu. Pantchito kasitomala ndi kasitomala, ngakhale akhale mlamu.

Ndinatenthetsa zilembozo ndi chowumitsira tsitsi, n'kulowetsa ulusi wa nayiloni kunsi kwake, kumacheka pang'onopang'ono kuti ndisakande penti. Zinagwera m'dzanja langa chimodzichimodzi. Guluu wotsala ndinamukunkhuniza ndi chala mpaka chala chinachita thuza. Nditapukuta, ndinangoti kakasi. Penti yonse inali itasuluka ndi dzuwa la zaka zonsezi, koma pamene panali zilembo panali pofiira kuti psuu, ngati galimoto yangogulidwa kumene. Mawu aja ankawerengeka bwinobwino.

Alamu anafunsa ngati zimenezo zingachoke. Ndinati zingachepe ndi polishi, koma abwere tsiku lina, lero manja atopa. Zilembozo anati nditaye. Iwo atapita ndinaziika m'chitini chimene ndimasungiramo timabawuti, n'kuchikankhira kuseri kwa shelefu. Madzulo amenewo sindinadye. Ndinkangoganiza kuti munthu amatha chonchi: lero zilembo, mawa chithunzi cha pabalaza, kenako ana sadziwanso kuti anayamwa kwa ndani.

Patapita masiku angapo galimoto ija inabweranso, koma woyendetsa anali mphunzitsi uja. Mumtima ndinati ehe, mwini nkhani wabwera kudzamalizitsa yekha. Moni ndinayankha wapakhosi, n'kuyamba kufunafuna polishi.

"Amalume, polishiyo musiyeni," anatero.

Anaima pafupi ndi chitseko cha kumbuyo, choko chikadali pa malaya, n'kundifotokozera zimene ine, malume weniweni, sindinkadziwa. Anati m'mawa uliwonse, asanakwere, mapasawo ankayendetsa zala pa zilembozo n'kumazitchula chimodzichimodzi, ndipo kuwerenga anaphunzirira pamenepo. Chichotsereni zilembo, mwana wamwamuna akukana kukwera galimoto, akuti bola kuyenda pansi. Wamkazi ndiye anamufunsa maso ndi maso ngati ndi iye wachotsa amayi awo. Bambo awo anachita zimenezi poganiza kuti akumulemekeza, osamufunsa n'komwe.

"Ine m'nyumba muja sindinabwere kudzachotsa munthu," anatero. "Ngati muli ndi zilembo zofanana ndi zija, ndimatireni."

Manyazi anandigwira, ndikuuzeni. Munthu amene ndinkamuweruza ndisanamve n'komwe mawu ake! Ndinangopita kuseri kwa shelefu n'kukhuthulira chitini chija patebulo, zilembo ndi mabawuti pamodzi. Iye anaziyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

Tepi yakale sigwira kawiri, ndiye tinakhala pabenchi, ine ndikupala yotsalira kuseri kwa chilembo chilichonse, iye akudula yatsopano ndi lumo monga ndinamusonyezera. Anali ndi dzanja labwino, mwina chifukwa chozolowera kudulira ana mapepala. Masiku onse pomata zilembo ndimayamba ndayeza ndi kulemba mzere, koma apa panalibe choyeza. Dzuwa linali litatilembera kale pamene chilichonse chinkakhala.

Anapukuta ndi spiriti, ine n'kutenthetsa pang'ono. Ndinamuchenjeza kuti asakhudze guluu ndi chala, komanso kuti tepiyi imagwira kamodzi, chikakhota chakhota. Kenako ndinasenda kapepala kofiira kuseri kwa chilembo choyamba n'kumupatsa.

"Mumate ndinu, amalume, ine ndingakhotetse."

"Ayi, matani inu. Ana akafunsa amene wabwezera amayi awo, mukhale ndi chowayankha."

Anachimata, ndipo chilembo chinakhala ndendende m'malo mwake. Anakanikiza ndi chikhatho, ataluma mlomo, mpaka ndinamuuza kuti chagwira. Anamata zonse yekha. Ine ndinkangosenda timapepala, maso ali pansi, chifukwa misozi inali italengeza.

Atakwera, ndinamuuza kuti galimotoyo asaitsuke lero ndi mawa, guluu akhwime kaye. Analiza injini, ndipo ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu amene ndinali ndisanawatchulenso chiikireni maliro a mlongo wanga.

"Muyende bwino, achemwali."