Muvi Wonama pa Chitunda

Ndakwera magalimoto a eni ambiri, koma iyi sindidzaiiwala. Anandinyamula pamsewu anthu awiri, mkamwini ndi apongozi ake aamuna, eni galimoto. Ankayendetsa ndi mkamwini.

Tikuyamba chitunda chachitali, dzuwa lili paliwombo, ndinamva fungo la labala wopsa. Koma muvi wosonyeza kutentha kwa injini unali pansi, phee.

"Pondani mafuta, akamwini," anatero apongozi. "Injini ikuzizira bwino. Chibwerekereni inu, galimotoyi yasanduka mnyamata."

Mkamwini sanaseke. Thukuta lili kamukamu, anayatsa hita, mpweya wotentha n'kutiwomba kumaso.

"Mukufuna kutiwotcha?" anafunsa apongozi.

"Ndikuchotsa moto ku injini, bambo."

"Moto uti, muvi uli pansi?"

Injini inayamba kugogoda. Mkamwini anaimika galimoto pambali. Atatsegula boneti, tinamva madzi akubwata mu ladiyeta. Anazula kachipangizo konga njere ya mpunga pawaya wa sensa yoyeza kutentha kwa injini, n'kulumikiza wayayo monga kale.

"Ndinaika ndine, bambo. Kamanamiza injini kuti yazizira, ndiye imamwa mafuta ambiri n'kumakoka mwamphamvu. Koma fani yoziziritsa injini sizungulira."

Atatembenuza kiyi, muvi unalumphira pofiira, fani n'kuyamba kulira.

Apongozi anayang'ana kachipangizoko nthawi yaitali. "Injini yanga yapulumuka?"

"Ndikhulupirira choncho, bambo."

"Bweretsani makiyi." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu alendo, bwerani mudzakhale kutsogolo kuno. Amakanikawa akhale kumbuyo ndi katundu."